Mwendo wa Amalume

Chaka chimene nduna zinathawa m'dziko muno, Esitele anaperekeza mlongo wake Cyprian mpaka pa dambo lomaliza, pamene munda wa mtedza wa Mmalawi umathera ndipo wa Mzambia umayambira popanda ngakhale chikhomo. Cyprian anali mphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Guilleme. Mlandu wake unali wa pakamwa. Anafunsa funso pa msonkhano wa chipani, ndipo pofika mawa lake nyumba yake inali phulusa, mabuku ali momwemo. Ulendowo anauyenda dzuwa likuswa mtengo, atanyamula makasu ngati anthu opita kukapalira.

Pa dambopo Cyprian anamuuza mlongo wakeyo kuti anthu abwera kudzafunsa, ndipo sadzafunsa ndi pakamwa pokha. Esitele anamuyang'ana m'maso.

"Achimwene, ngakhale andisende ngati mbuzi, pakamwa panga sipadzatuluka pamene muli."

Anawonjezanso kuti mwinimbumba ndi mwinimbumba ngakhale akhale kutsidya kwa malire. Mbuzi ikaphedwa pakhomo, mwendo wake uzimupeza.

Anthu aja anabweradi. Esitele anataya mano awiri akutsogolo, koma sanataye mawu. Patapita chaka anafalitsa yekha mbiri yoti Cyprian wafera ku migodi ya ku Kitwe. Anameta, anavala zakuda, analira mpaka mawu kusasa, ndipo mudzi unalira naye, ena akudziwa bwino lomwe kuti akulira munthu wamoyo. Kuyambira pamenepo dzina la Cyprian linkatchulidwa pa Misa ya akufa pokha.

Khirisimasi ya masiku amenewo inali Khirisimasi, asakunamizeni a lerowa amene amaigula m'majumbo. Inkayamba kununkha isanafike. Telala pakhonde la sitolo ankapalasa makina mpaka miyendo kutupa, thobwa linkawira m'mbiya, buledi ankabwera kuchokera ku boma atamangidwa pa kaliyala, ndipo mwana ankasunga botolo lake la zakumwa tsiku lonse, kumangonyambita pakamwa pake. Dziko linali lobiriwira moti munthu ukanalikhululukira chilichonse. Koma inali Khirisimasi ya anthu oseka akucheukacheuka. Popita ku tchalitchi khadi la chipani linkalowa m'thumba kolona asanalowe.

Mbumba yonse inkasonkhana kwa Esitele, chifukwa ndiye anali wamkulu wotsala. Azing'ono ake ankabwera pa njinga kuchokera ku Mkanda ndi amuna awo, ana atapanikizana pa chitsulo ndi pa kaliyala. Mwamuna wa Esitele anali atamwalira kalekale, kumusiyira ana awiri. Woyamba anali Vitus, dalaivala wa lole yodutsa pa chipata cha malire kupita ku Chipata, munthu wa nthabwala amene sankatha kumeza mawu okoma ngakhale akhale owawa. Ndiye ankapha mbuzi chaka chilichonse, ndipo ndiye ankanyamula mwendo wakumbuyo, wowamba bwino, pansi pa mpando wa lole mpaka ku mudzi wina wa ku Zambia kuseri kwa Mwami kumene Cyprian ankakonza njinga pa dzina lina. Wachiwiri anali Vera, amene anali wamng'ono pamene amalume ake ankathawa. Iye anakula akumva za mwendo wa amalume, nkumayesa kuti ndi nsembe ya akufa imene amayi ake ankabisira ansembe.

Chaka chimenecho pakhomo panali munthu watsopano. Vera anali atakwatiwa ndi Goodwin, mkulu wa anyamata a chipani m'deralo, aja a malaya ofiira. Esitele anavomera ukwatiwo poganiza kuti galu woluma ndi bwino akhale wa pakhomo pako. Ndipo kunena zoona, mkamwini wotere anali wosowa. Akakumana ndi apongozi ake panjira ankapatukira m'thengo. Sanawayang'anepo kumaso, sanalowepo m'nyumba mwawo, ndipo akakhala ndi mawu ankanjuta chapatali nkulankhula kudzera mwa mkazi wake. Akuluakulu ankati uyu ndiye mwana wolangidwa. Manja omwewo ndi amene ankameta anyamata a tsitsi lalitali ndi botolo losweka pa msika.

Kutatsala pang'ono kuti Khirisimasi ifike, Esitele anapeza nkhalamba itakhala kuseri kwa khola lake, khasu lili pamiyendo. Anaizindikira poona makutu ake okha, chifukwa nkhope yonse inali itathera m'mafupa. Cyprian anali atadzera dambo lomwe lija. Ankatsokomola zofiira, ndipo anati a chipatala kutsidyako anamuuza kuti azikapuma kunyumba, osadziwa kuti analibe kunyumba. Esitele anamukalipira monong'ona, akulira, akumusisita mapazi. Cyprian anati sanabwere kudzaoneka. Anangofuna kumva mbumba yake ikudya, kamodzi kokha, kenako abwerere.

Esitele anamubisa m'nkhokwe. Mwezi umenewo chimanga chinali chitatsika mpaka m'chiuno, malo analipo, ndipo m'mipata ya nsungwi munthu ankatha kuona bwalo lonse ndi mtengo wa mango pakati pake. Koposa zonse, mkamwini sasuzumira m'nkhokwe ya apongozi ake. Vitus atamva anagwira mutu nkunena kuti amayi ake aika moto m'thumba, koma anathandiza kukweza nkhalambayo ndi kubwezera denga. Asanachoke, Esitele anaika pakamwa pa nsungwi nkuuza mlongo wake kuti kaya aone chiyani, kaya amve chiyani, asatsokomole, asayankhule, akhale ngati chitsononkho. Cyprian anavomera.

M'mawa wa Khirisimasi, atabwerako ku Misa, nkhani ya mbuzi inadzuka. Pakhomo pakakhala mkamwini, mpeni ndi wake. Goodwin anavula malaya ofiira, anawapachika pa nthambi, ndipo anaigwira ntchitoyo mwaluso: anaizinga, anaisenda osaboola chikopa, anapatula zam'kati, anapachika ziwalo pa mtengo wa mango. Atasamba m'manja anatuma Vera kukauza amayi kuti akupita kukatenga anzake pang'ono, nkukwera njinga.

Esitele anatsitsa mwendo wakumbuyo monga manja ake ankachitira chaka ndi chaka. Vitus anamutsatira kuseri kwa khitchini nkumupempha kuti chaka chino ausiye, popeza wapha mbuziyo ndi munthu wina, ndipo wopha amadziwa zimene wapachika. Esitele anamufunsa kuti mbumba ingadye bwanji mwini wake ali pompano akumeza malovu. Zaka zonsezi mwendo unkamupeza wouma ngati chikuni. Lero audye wofewa, wotentha, ndipo ayambe ndiye kulawa monga mwa mwambo. Anauwotcha yekha, nauika m'lichero, naufundika ndi nsalu, ndipo anapita ku nkhokwe ngati munthu wokatapa chimanga. Lichero linabwerako ndi chimanga chokhachokha.

Pofika masana bwalo linali litadzaza. Amayi anakhala pa mphasa cha kukhitchini, amuna pa mipando pansi pa mango. Mpunga unabwera m'mabeseni, nyama m'mbale zazikulu, thobwa likuzungulira m'chipanda. Wailesi inali pa mpando wakewake itavekedwa kansalu. Esitele ankayendayenda ndi chipande, ndipo nthawi iliyonse akadutsa pafupi ndi nkhokwe ankaitana mwana wina ndi dzina lake lonse, mokweza, kuti wa m'katimo adziwe kuti uyu ndi wa yani. Mtima wake unali usanakhalepo wodzaza chomwecho chichokere pa dambo lija.

Goodwin anafika ndi anzake atatu, onse a malaya ofiira, onse akununkha kachasu. Palibe anawaitana, koma amuna anayi anadzuka pa mipando osauzidwa. Vitus, monga mlamu amachitira ndi mlamu wake, anayamba kumuputa. Anafunsa ngati mbuzi ija inafunsidwa khadi isanaphedwe, poti iye anaimva ikulira kuti inagula chaka chatha. Amuna awiri anaseka nkuleka msanga. Goodwin anamwetulira, koma maso ake anali m'mbale. Panjira anali atadzitama kwa anzake kuti kwa apongozi ake amadya ngati bwana, ndipo lero akawadyetsa ntchafu ya mbuzi imene wapha yekha. Anatembenuza nyama ndi chala, anasuzumira mbale ya amuna ena, anaponya maso ku mbale za amayi. Vera atabwera ndi madzi osamba m'manja nkugwada, anamufunsa kuti mwendo wina wakumbuyo uli kuti.

Vera anayankha akuseka, monga munthu wofotokozera mlendo za pakhomo.

"Umenewo sitidya ife. Ndi wa amalume aja anamwalira. Amayi amawapatulira chaka chilichonse, achimwene ndi amene amapita nawo."

"Amapita nawo kuti?"

"Kaya. Pa lole."

Esitele anali ataima ndi chipande cha mpunga m'manja. Anaona mkamwini wake akupukuta zala chimodzichimodzi pa thalauza.

"Akufa a pakhomo pano amadyera ku Zambia," anatero Goodwin, osayang'ana munthu.

Vitus anayesa kuisandutsa nthabwala. Anati mwendowo amaugulitsa kwa asilikali a pachipata kuti asamuvute, ndipo alamu asadandaule, chaka chamawa adzagula mbuzi ya miyendo isanu. Goodwin anamukumbutsa mofatsa kuti lole sinachoke lero, ili apo pansi pa mtengo, ndipo mwendowo anaupachika yekha m'mawa uno. Ngati sunakwere lole, ndiye kuti wakudya wake ali pafupi. Dzina la Cyprian ankalidziwa. Mnyamata aliyense wa malaya ofiira m'boma lonse ankalidziwa, ndipo ambiri sanakhulupirirepo za maliro opanda mtembo.

Mmodzi wa anzake anadzuka kuti akafufuze m'nyumba, koma Goodwin anamubweza ndi dzanja. Anati iye sanaleredwe motero. Sangalole kuti nyumba ya apongozi ake ipindidwe ngati ya mbala, ndiponso iye mwini sangapondemo. Anachoka pa mpando, ananjuta chapatali atapereka mbali kwa Esitele, nkuitana mkazi wake.

"Uwauze amayi kuti ndikupempha mwaulemu. Andiuze okha amene wadya mwendo."

Vera anabwereza mawuwo. Apa mpamene anayamba kuzindikira chimene wachita. Esitele anayankha kudzera mwa mwana wake kuti mwendowo waupereka kwa ansembe. Goodwin anati ansembe anachoka Misa itangotha, mbuzi isanaphedwe. Esitele anati ndiye kuti agalu anaba. Goodwin anagwedeza mutu mwachisoni, ngati munthu amene wakhumudwa ndi wamkulu, nkukodola anzake.

Anamugwira Vitus ali ndi nyama m'kamwa. Vitus anamenya mmodzi ndi chigongono, koma atatu ndi atatu. Anamugwetsa pa mabeseni, mpunga unamwazika, ndipo anamumanga manja ndi chingwe chomwe chinamanga mbuzi nkuchiponya pa nthambi mpaka anaima ndi zala za kumapazi. Wina anamasula tcheni cha njinga. Mwamuna wa mng'ono wake wa Esitele, munthu wachikulire, anadzuka nkuyamba kunena kuti ana inu, lero ndi tsiku la Ambuye. Mpini wa khasu unamupeza pakamwa, ndipo anakhala pansi akulavulira mano m'manja. Palibenso wina anadzuka.

Tcheni chinang'amba malaya atsopano a Vitus pa ulendo woyamba, khungu pa wachiwiri. Ana anayamba kulira, ndipo amayi ena anafuna kuthawa nawo, koma Goodwin anati palibe achoke, ino ndi Khirisimasi, anthu adye. Analamula kuti amayi ayimbe nyimbo ya chipani, yomwe ankavina pa misonkhano. Anayimba. Mawu ankatuluka owonda, osweka, manja akuomba mosagwirizana, ndipo tcheni chinkagwa motsatira nyimboyo. Amuna anatola mpunga wa mchenga nkumatafuna, maso ali pansi.

Vitus sanasiye pakamwa pake. Anauza womenyayo kuti akumenya ngati munthu wopuntha mtedza waganyu. Anauza Goodwin kuti mlamu wabwino amayamba wapereka mowa. Magazi ankatsika m'miyendo nkumadontha pa dothi limene linali litamwa kale a mbuzi. Pakati pa nthabwalazo anapeza maso a amayi ake nkupukusa mutu pang'ono.

Esitele anadziponya pakati. Anati amenye iyeyo, mwendo anatenga ndi iye, mwanayu sadziwa kanthu. Mmodzi wa anyamatawo anamukankha, ndipo Goodwin anamuwomba mnzakeyo khofi mpaka anadzandira. Anati aliyense wokhudza apongozi ake aona. Kenako anauza Vera kuti awadzutse amayi, awasase fumbi, awakhazike pa mpando. Anamukhazika moyang'anana ndi mwana wake. Kumbuyo kwa Vitus, cha kumanzere pang'ono, kunali nkhokwe. Esitele anayesetsa kuti maso ake asapiteko.

Womenya uja atatopa, Goodwin anatuma kuti abweretse mtondo ndi musi. Anamutsitsa Vitus pa nthambi, anamugoneka chagada, anagwetsa mtondo chammbali nkusanjikapo mwendo wake wamanja. Awiri anamukhalira pachifuwa ndi pantchafu. Goodwin anayankhulanso ndi mkazi wake, mawu ake ali ofewa.

"Uwauze amayi kuti mbuzi yanga yasowa mwendo. Akapanda kundiuza kumene wapita, nditenga wa pano."

Vera sanathe kubwereza. Anagwira mapazi a mwamuna wake, akumutchula maina onse achikondi amene ankawadziwa, ndipo iye anamuchotsa pang'onopang'ono ngati munthu wochotsa chisoso pa thalauza. Esitele anamva mawuwo bwinobwino. Anakumbukira mano ake awiri, anakumbukira kuti nthawi ija anapirira ndipo dzuwa linalowa, anthu aja nkupita. Anadziuza kuti awa ndi mawu oopsezera, munthu sangathyole mlamu wake pamaso pa mkazi wake. Analuma mlomo.

Musi unatsika pa msongolo. Phokoso lake linali ngati la nzimbe yothyoledwa pa bondo, ndipo nyimbo inaduka yokha. Vitus anakuwa kamodzi, mawu amene Esitele anali asanawamvepo mwa munthu, kenako anasanza mpunga wonse. Phazi linagona chammbali, loyang'ana kumene phazi siliyang'ana, fupa loyera litaboola khungu.

Esitele anadikira. Anatchera khutu ku nkhokwe. Mlongo wake anali ndi maso, mipata ya nsungwi inali yomweyo, ndipo zonsezi zinkachitika poyera ngati pa bwalo la mpira. Akanangotsokomola. Akanangogogoda nsungwi ndi fupa la mwendo umene wadya, nkunena kuti ndili muno, musiyeni mwanayo. Akanatero, pakamwa pa Esitele pakanakhala potseka mpaka kumanda. Munthu amene anafunsa funso pa msonkhano wa chipani, anthu onse ali chete, sakanalephera kutulutsa liwu limodzi. Koma m'nkhokwemo munali zii. Kaya anali kusunga zimene anauzidwa, kaya mantha a zaka zonsezi anali atamudya lilime, kaya anali atakomoka pa chimangapo, Esitele sakanadziwa. Nkhuku ina inkatola mpunga pansi pa nkhokweyo.

Anyamata aja anamuthira Vitus thobwa kumaso kuti atsitsimuke. Anakoka mwendo wothyokawo kuuchotsa pa mtondo, nasanjikapo wamanzere. Wogwira musi, mowa utamuthera tsopano, anayang'ana kwa mkulu wake ngati wofuna kuuzidwa kuti basi. Goodwin anavula malaya ofiira, anawapinda bwinobwino, nawapereka kwa Vera kuti awagwire. Anatenga musiwo yekha. Anaima chopereka msana kwa apongozi ake, monga mwa ulemu, nkunena kuti dalaivala amaponda ndi miyendo iwiri, ndipo ikatha miyendo kutsala mutu.

Vitus anatsegula maso. Nthabwala zinali zitamuthera. Sanapukusenso mutu. Anayang'ana amayi ake monga ankawayang'anira ali wamng'ono akadwala malungo, milomo ikuyenda popanda mawu, mpaka liwu linatuluka laling'ono.

"Amayi."

Musi unakwera. Esitele anayang'ana ku nkhokwe kachiwiri, mosabisanso, ndipo nsungwi sizinagwedezeke. Anatembenukira kwa mwana wake wamkazi amene anali chigwadire, malaya ofiira ali m'manja.

"Vera, uwauze amuna ako kuti amalume ako ali m'nkhokwe."